Kakompyuta Kamene Anafuna Kukapititsa Kumtunda

Ine ndine wa kuchigwa, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinabadwira kufupi ndi Mua, ndinaphunzira kwa asisitere, ndipo ndaphunzitsa masamu zaka zambiri pa sekondale ina yoyendera, mkati pang'ono mukapatuka pa Golomoti. Anzathu a kumtunda kozizira kuja akatsikira kuno amangofikira kudzikupiza ndi chilichonse chili m'manja, n'kumatifunsa kuti timakhala bwanji m'ng'anjo muno. Timakhala basi, ndipo funsolo ndinalizolowera. Koma chaka china analifunsa za kakompyuta kathu, ndipo pamenepo ndinapsa mtima.

Kakompyutako kanabwera ndi bungwe lina lothandiza masukulu. Tsiku lomwe anakatulutsa m'chikwama tonse tinaseka, chifukwa timayembekezera chinthu chodzaza tebulo. Iko kanali kokwana m'chikhatho, kabolodi kamodzi kobiriwira m'kabokosi ka pulasitiki, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi. Koma m'kati mwake munali mabuku, mapepala a mayeso akale ndi mavidiyo a sayansi, ndipo ana amazipeza zonsezo pa matabuleti popanda intaneti. Sukulu yathu ilibe labotale, ndipo laibulale yake ndi shelefu imodzi imene chiswe chinayamba kale kuwerenga. Ana amene ankangoloweza pamtima kuti magazi amazungulira m'thupi anawaona akuzunguliradi. Tinasiya kuseka.

Pamwamba pa kabokosiko panali fani yaing'ono ngati chitsekerero cha botolo. Amene anaiika anailumikiza mongolunjika, moti inkazungulira nthawi zonse, kutenthe kuzizire, ikumeza fumbi lathu lofiira. Inapirira chaka chimodzi ndi miyezi. Mu Okutobala wa chaka chachiwiri inayamba kukhosomola, kenako inangoti zii.

Kuchokera pamenepo, ikamakwana leveni koloko malata akayamba kuthetheka, kakompyutako kankafooka. Mwana akatsegula buku, tsamba limabwera ngati likuchokera ku Lilongwe wapansi. Pofika masana kankangouma, osayankha aliyense. Tinkakazimitsa, kukakupiza ndi chikuto cha rejisitala, n'kukayatsanso. Mawa lake chimodzimodzi.

Mayi wa ku bungwe lija, amene ankayendera masukulu onse olandira zipangizozi, anafika kumapeto kwa mweziwo. Anali wa kumtunda, waulemu wake ndithu, koma wosakonda kuzungulira nkhani. Analumikiza laputopu yake, nawerenga mbiri imene kakompyutako kamadzisungira, n'kupukusa mutu.

"Ahedi, kachipangizoka kakuvutika kuno," anatero. "Tikakasiya kapsa, ndipo china tilibe. Kumtunda kuli sukulu imene ikudikira. Kumeneko kakhoza kukhala zaka."

Ahedi athu anali bambo wachikulire, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito, wolankhula ngati akuwerenga mawu aliwonse asanawatulutse, ndipo jekete samavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo ankakonza pakhosi kuti ayankhe mwaulemu. Ine sindinawadikire.

"Ndiye ana a kuchigwa asamaphunzire chifukwa anabadwira kotentha? Kamwana kakadwala malungo mumakapereka kwa eni ena? Ndikonza ine."

Pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndi matenda anga akale. Za makompyuta ndinkadziwa kulemba mayeso ndi kusindikiza, basi. Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kunena kuti abweranso pakatha masabata atatu, Lachisanu. Akapeza vuto lidakalipo, abwera ndi katoni yonyamulira.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita kumsika wa pa Golomoti, kakompyutako nditakakulunga m'mpango. Kumeneko kuli bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni, wa chisoti choyera, amene kabenchi kake kali pansi pa khonde la golosale. Anafufuza m'thumba la zinthu zakufa mpaka anapeza fani ya laputopu yakale. Anaigunditsa ku batire, iyo n'kuzungulira.

"Yatheka, madamu. Tiilumikize mmene inalili inzake ija?"

"Ayi, amisiri. Inzakeyo inafa ndi kugwira ntchito kosapuma. Iyi ndikufuna izizungulira kukatentha, kukazizira izipuma."

Anakanda ndevu. Anandionetsa timano tachitsulo tondandalika m'mbali mwa kabolodi, n'kunena kuti kakompyutako kangathe kutumiza kamphamvu pa dzino limodzi kapena kukaletsa, koma kamphamvuko n'kochepa, sikangayendetse fani. Panafunika kachipangizo koima pakati, kotsegula ndi kutseka njira ya moto. Anazula kanthu kakuda ka miyendo itatu m'wailesi yakufa, nati dzina lake ndi tiranzisita, n'kukawotcherera ndi mtovu pamodzi ndi mawaya atatu.

"Manja ndakupatsani," anatero akupukuta zala. "Koma zouza dzinoli kuti tsegula, tseka, zimenezo n'za inu ophunzira. Mulungu akalola zitheka."

Ndinabwerera ndili ndi mantha amene sindinauze munthu. Ndinadziwa kuti ndikalephera, nkhani sidzakhala yoti fani inafa. Idzakhala yoti madamu a masamu analonjeza pamaso pa alendo, ana n'kutaya mabuku awo.

Lolemba ndinabwereka sikirini ndi kiyibodi ya kompyuta ya mu ofesi, n'kuzilumikiza ku kakompyutako m'chipinda cha aphunzitsi. Mawu achinsinsi olowera anali atalembedwa pansi pa kabokosi. Chimene chinandilandira ndi mdima wokhawokha ndi kamzere kophethira, kodikira kuti ndilembe lamulo. Netiweki pasukulu pathu imagwira pa ngodya imodzi yokha ya bwalo la mpira, choncho nthawi yopuma iliyonse ndinkaima pamenepo ndi foni, dzuwa likundiwamba, kuwerenga zimene anthu a kutali analemba za tizipangizo totere, n'kumakopera m'kope. Aphunzitsi anzanga anayamba kunditcha injiniya. Sanali kundiyamikira.

Ndinaphunzira kuti kakompyutako kamadziyeza kokha kutentha, n'kulemba nambala yake mu fayilo ina. Ndiye ndinalemba pulogalamu yaifupi, mizere yosakwana tsamba: werenga nambala ija, ikafika madigiri sikisite yatsa fani, ikatsika izimitse, dikira pang'ono, werenganso. Nditaiyambitsa, fani inazungulira nthawi yomweyo. Ndinadziguguda pachifuwa.

Koma sinasiye. M'mawa kusanatenthe inkazungulira, madzulo inkazungulira. Masiku awiri ndinkatukwana waya, kutukwana amisiri a pa Golomoti m'mtima, mpaka ndinaganiza zotsegula fayilo ija kuti ndione ndi maso anga. Munalembedwa nambala ya manambala asanu, kuyambira ndi folo ndi eyiti. Kakompyutako sikalemba madigiri athunthu, kamawachulukitsa ndi chikwi. Pulogalamu yanga inkayerekeza masauzande makumi anayi ndi mphambu ndi kasikisite kanga, n'kumaona ngati dziko likuyaka. Mphunzitsi wa masamu, amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziyamba aona muyeso asanawerengere, ndinagwa m'mbuna yomweyo. Ndinagawa ndi chikwi, fani inaima, ndipo nkhaniyi sindinaiulule m'chipinda cha aphunzitsi.

Vuto lachiwiri linali loseketsa. Kutentha kukafika sikisite fani inkayaka, kukatsika pang'ono n'kuzima, kukakwera n'kuyakanso, ngati mlendo woima pakhomo, kulowa osalowa, kubwerera osabwerera. Imeneyo ikanafa msanga kuposa yoyamba ija. Ndinaipatsa malire awiri: iziyaka pa sikisite, koma isazime mpaka kutentha kutsike pa fifite. Zinayenda bwino. Masana onse a tsikulo ana anawerenga osadukiza, ndipo ine ndinayenda pabwalo ngati ndagula sukuluyo.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mawa lake magetsi anazima pakati pa phunziro, monga amachitira kuno, n'kubweranso patapita kanthawi. Kakompyutako kanadzuka kokha, ana n'kupitiriza kuwerenga. Pofika wani koloko kanauma. Nditathamangirako ndinapeza kabokosi kakutentha ngati nsimbi, fani ili duu. Pulogalamu yanga ndinkaiyambitsa ndi manja, ndipo magetsi akazima inkafera pomwepo. Pobwera magetsi panalibe woidzutsa.

Sabata yonse yotsatira woidzutsayo ndinali ine. Babu la m'kalasi likangophethira, ana ankakuwa kuti, "Madamu, abwera!" Ine choko m'manja, liwiro kudutsa bwalo, kukalemba lamulo loyambitsa. Ndinasiya phunziro pakati, ndinasiya chakudya chamasana, tsiku lina ndinasiya nsapato imodzi m'njira. Ana ankasangalala nazo kuposa masamu. Koma ndinkadziwa kuti zimenezi si kukonza. Tsiku limene ndingadwale kapena kupita kumaliro, kakompyutako kadzapsa, ndipo mayi wa ku bungwe uja sanali munthu woti ungamunamize ndi liwiro.

Ndinabwerera pa ngodya ya bwalo la mpira. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mawu oti sevisi. Ndinamva motere: kakompyuta kakamadzuka, mumayamba kudzuka pulogalamu imodzi yaikulu imene ili ngati kapitawo, ndipo iyo imadzutsa antchito ena onse potsata mndandanda wake. Wantchito aliyense wa pamndandandapo ndiye sevisi. Kuti pulogalamu yanga ikhale mmodzi wa iwo, ndinayenera kuilembera kafayilo kena kakang'ono n'kukaika pamalo pamene kapitawoyo amayang'ana. M'kafayilomo mumangofunika kunena dzina la ntchito, pamene pulogalamu ili, nthawi yoidzutsa, ndi chochita ikafa.

Pa dzina ndinalemba m'Chichewa kuti woziziritsa kakompyuta ka kuchigwa. Palibe anandiletsa. Pa chochita ikafa ndinalemba kuti idzutsidwenso nthawi zonse. Ndinalakwitsa kangapo, pena kuiwala kachizindikiro, pena kuloza malo olakwika, ndipo kapitawoyo ankangondibwezera mawu ofiira. Lachitatu la sabata yomaliza mawu anatuluka obiriwira, onena kuti sevisi ikuyenda. Ndinaipha dala pulogalamuyo kuti ndione. Ndisanameze malovu inali itadzukanso. Ndinaseka ndekha m'chipindamo mpaka mlonda anasuzumira pawindo.

Kenako ndinazula pulagi, kuyerekeza kuzima kwa magetsi, n'kuibwezeretsa. Kakompyutako kanadzuka. Ndinafunsa za sevisi yanga. Yankho linali loti yafa, palibe waidzutsa.

Ndikunena zoona, ndinakanyamula kakompyutako m'manja ndipo ndinayang'ana khoma. Chinandiletsa ndi ulemu wa katundu wa eni. Ndinapita kunyumba mutu ukuwawa, kwatsala tsiku limodzi.

Lachinayi m'mawa ndinaima m'chipinda cha aphunzitsi, maso ali pa pepala la pakhoma losonyeza mphunzitsi woyang'anira sabata iliyonse. Ahedi akhoza kukutuma lero kuti ukaimbe belu, ukaimba, koma mawa sudzabwera wekha pokhapokha dzina lako lili papepalapo. Ndinathamangira m'kope langa. Malamulo analipodi awiri, ndipo ine ndinali nditalumpha lachiwiri poganiza kuti akungobwereza. Loyamba limatuma sevisi kuti igwire ntchito pompano. Lachiwiri limailemba pamndandanda wa kapitawo kuti izidzutsidwa nthawi iliyonse kakompyuta kakayaka. Ndinalemba lachiwirilo, ndinazula pulagi, ndinabwezera. Mawu obiriwira. Ndinafuna kuyesanso kawiri katatu, koma magetsi enieni anazima, osabweranso mpaka tinaweruka. Ndinali nditayesa kamodzi kokha.

Tsopano muyenera kudziwa mmene sukulu ya kwathu imalandirira alendo. Kumasesedwa mpaka nyerere zimasowa njira. Miyala ya m'mbali mwa tinjira imapakidwa laimu. Ndipo chinthu chilichonse chamtengo wapatali chimavekedwa nsalu, monga timachitira kunyumba ndi wailesi ya kanema kapena kabati ya mbale. Chinthu chaulemu sichikhala maliseche pamaso pa mlendo. Lachisanulo ahedi anafika m'mamawa, anachotsa kakompyutako pa shelefu ya pawindo pamene ndinkakasunga kuti kazipitidwa mphepo, n'kukakhazika pakati pa tebulo la mu ofesi mwawo. Anakafunditsa nsalu yoluka yochindikala, yoyera, imene akazi awo analuka ndi manja, n'kuikapo maluwa a pulasitiki. Mawindo anatseka kuti fumbi lisalowe. Ine sindinadziwe kanthu, chifukwa anandipatsa ntchito yokonza mipando pansi pa mtengo wa mango.

Mlendo anafika cha m'ma teni ndi dalaivala wake, ndipo katoni ndinaiona pampando wa kumbuyo. Tinakhala pansi pa mtengo. Pemphero. Kudziwana, mmodzimmodzi. Mawu a wapampando wa komiti ya makolo, amene anayambira pa chaka chimene anaumba njerwa za kalasi yoyamba. Nthawi yonseyo ana a Fomu 4 anali m'kalasi yoyandikana ndi ofesi, aliyense ndi tabuleti, monga tinakonzera kuti mlendo awapeze akuwerenga. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa likukwera, koma mtima unali m'malo poganiza kuti kakompyutako kali pawindo pake.

Titalowa mu ofesi, kutentha kunatimenya kumaso. Kenako ndinamva kulira kwa fani, kotsamwa, kochokera pansi pa maluwa. Sindinaganize. Ndinalumpha, ndinatsomphola nsalu ija, maluwa n'kumwazika pansi.

"Ndani wachita zimenezi? Mukufuna kukapha?"

Wapampando anayang'ana kudenga. Mlendo anayang'ana foni yake. Ahedi anawerama pang'onopang'ono ndi jekete lawo, natola maluwa limodzilimodzi, natolanso nsalu ya akazi awo n'kuipinda bwinobwino pamkono. Kukanakhala bwino akanandikalipira. Ndinali nditanyoza bambo wa msinkhu wa atate anga, mu ofesi mwawo, pamaso pa alendo awo, ndipo manyazi anandigwira.

Mlendo analumikiza laputopu yake. Kutentha kunali pa sevente folo, koma kakompyutako kanali moyo, ndipo nambala inayamba kutsika tikuona. Ana kuseri kwa khoma sanadziwe n'komwe kuti kunachitika kanthu.

"Fani yatsopano ndaiona," anatero mayiyo. "Koma izi ndaziwonapo kwina. Munthu amaiyatsa alendo akamabwera. Magetsi akazima, zathera pomwepo. Madamu, taimani uko, musagwire kanthu."

Anazula pulagi yekha. Ndipo sanafulumire kuibwezera. Ahedi anali atakonza zoziziritsa kukhosi, choncho mayiyo anayamba wamwa, akucheza ndi wapampando za mpunga wa ku Bwanje, mawindo atatsegulidwa tsopano. Ine ndinaima pakhoma manja kumbuyo ngati mwana wopatsidwa chilango. Atamaliza botolo anabwezera pulagi. Timagetsi ta kakompyuta tinaphethira, kofiira ndi kobiriwira. Tinadikira. Fani sinagwedezeke.

"Mwaona?" anatero, osati mwachipongwe, koma ngati munthu amene wakhumudwa nafe limodzi.

"Sinafe," ndinayankha. "Kakompyutako kazizira nthawi imene kanali kozima. Taonani, kali pa fote seveni. Fani ikudikira sikisite."

"Mwina n'zoona. Koma ine ndiyenera kulemba zimene ndaona, ndipo masana ano akundidikira ku sukulu ina. Sindingakhale pano mpaka dzuwa lipendeke."

Anakodola dalaivala pawindo. Ndinamuona akutsegula chitseko cha galimoto n'kutulutsa katoni ija. Ndikanatha kuonetsa mawu obiriwira aja pa sikirini, koma mayiyo anali atanena kale kuti ndisagwire, ndipo iye ankafuna kuona fani, osati mawu. Panafunika kuti kakompyutako katenthe msanga, mphindi zochepa zomwezo. M'chipinda monsemo chinthu chimene chikanatha kuchita zimenezo chinali chimodzi, ndipo chinali pamkono pa ahedi.

Ndagwadirapo anthu ambiri pa moyo wanga, koma kugwada kumeneko n'kumene kunandilemera. Ndinagwada pa simenti pamaso pa onse.

"Ahedi, ndalakwa. Pakamwa panga pandipachika. Ndikupempha nsaluyo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwina kuposa mmene zinafunikira.

"Nsalu iti, madamu? Yakupha ija?"

"Yomweyo, ahedi."

Sanandipatse. Anapita okha patebulo, anaitambasula, anakafunditsa kakompyutako mosamala mbali zonse, n'kubwezerapo ngakhale maluwa aja. Kenako anasuzumira pakhomo n'kulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo chiyambire, okweza ngati a mnyamata: "Fomu 4! Aliyense atsegule vidiyo, yaitali kwambiri imene angaipeze!"

Tonse tinaunjikana kumbuyo kwa laputopu. Fifite wani. Fifite folo. Dalaivala anaima pakhomo ndi katoni yake, naye n'kuyamba kusuzumira. Fifite seveni. Wapampando, amene sindikukhulupirira kuti ankadziwa chimene tikuwerenga, ankatchula nambala iliyonse mokweza ngati ali pa msika wa ng'ombe. Fifite eyiti. Pamenepo inakhala, n'kubwerera pa fifite seveni. Ndinakumbukira kuti ndinayesa kamodzi kokha. Ndinayamba kukayikira ngati ndinasungadi fayilo ija, ngati ndinalembadi sikisite osati nambala ina.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero ahedi, osayang'ana munthu.

Fifite naini. Fifite naini. Sikisite.

Poyamba sindinamve kanthu. Kenako mphonje za nsalu zinayamba kunjenjemera, duwa limodzi linagwedezeka, ndipo kulira kuja kunamveka, kochepa, kosalala, kopanda munthu wokuyambitsa. Nthungululu inandituluka yokha. Mphunzitsi wamkulu ndithu, wa satifiketi zake, kululutira mu ofesi ya ahedi ngati ndili pa chinkhoswe! Wapampando anaomba m'manja, dalaivala anaseka mpaka kuika katoni pansi, ndipo kuseri kwa khoma ana anayamba kumenya madesiki osadziwa chimene akukondwerera.

Ahedi anavundukula nsalu. Nambala inatsika, inatsika, ndipo itafika pa fifite fani inaima yokha. Mayi uja sanakhutire msanga, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza. Anaiwala za sukulu yomudikira ija. Anazulanso pulagi kachiwiri, ndi kachitatu, ahedi akufunditsa ndi kuvundukula ngati wansembe pa guwa. Katatu konse fani inadzuka pa nthawi yake. Kenako anatsegula kafayilo kanga ka sevisi, nawerenga dzina limene ndinalemba pamwamba, n'kumwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Madamu, mungandilole ndikopere mafayilo awiriwa? Kumtunda kuli masukulu amene mafani awo akufanso ndi fumbi. Tinkangosintha, kusintha."

Ndinafuna kunena zambiri. Ndinali ndi mawu okonzeka kale okhudza anthu a kumtunda ndi nzeru za m'ng'anjo. Koma maondo anali akadawawa ndi simenti ija, choncho ndinangoti, "Koperani, mayi. Mukawauze kuti asaiwale lamulo lachiwiri."

Galimoto itanyamuka, katoni ili pampando wa kumbuyo yopanda kanthu monga inabwerera, ahedi anandiitanira mu ofesi. Ndinalowa nditakonzeka kulandira zanga. Anakhala pampando, anavula jekete, chinthu chimene sindinaonepo, n'kulikoleka pamsomali.

"Madamu, ntchito mwaigwira. Ana awa mwawaombola, ndipo ine ndikupuma pa ntchito mtima uli pansi." Kenako anaonjezera kuti, "Koma mukapitanso kwa amisiri anu a pa Golomoti, mukawafunse ngati ali ndi fani ina yoti tiike pakamwa panupo. Iziyaka isanafike sikisite."

Ndinaseka misozi ili m'maso, ndipo ndinavomera kuti ndikafunsa.

Nditatuluka ndinalowa m'kalasi ya Fomu 4. Phokoso linatha nthawi yomweyo. Ana anali ataona katoni ija ikulowa mu ofesi, ndipo sanaone bwino ngati inatuluka yolemera kapena yopepuka. Ena anali atagwira matabuleti ndi manja awiri, ngati wina abwera kudzawalanda. Mtsikana wina wa kutsogolo, amene ankayenda mtunda wautali kuchokera kufupi ndi Mtakataka tsiku lililonse, ndiye analimba mtima.

"Madamu, atenga?"

"Sanatenge. N'kathu."

Sanakuwe monga ndinkayembekezera. Anangopumira pamodzi, kalasi yonse, kenako mitu inawerama, aliyense kubwerera pa tsamba limene anasiyira. Belu loweruka linalira, palibe anadzuka. Ine, amene ndimadziwika ndi kuthamangitsa ana kuti ndikiye chitseko, ndinapita kukakhala pa desiki ya kumbuyo, n'kuwasiya awerenge.